Wadiropu ya Amake Esnati

Ku Kasanda kuno, ku Kabwe, mukafunsa nyumba ya mdala uja anagwetsera chipupa azimayi a mpingo, ngakhale wogulitsa makala akulozerani pakhomo panga. Nkhaniyi anthu aifotokoza mokwanira, aliyense kuthirako mchere wake, mpaka ku Katondo ena amati panafa munthu. Sipanafe munthu. Ndaganiza zoilemba ndekha ndi Chinyanja changa cha Sitandade 4, kuti mukamaseka muziseka zoona.

Ine ndinagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zoposa makumi awiri. Ntchito yanga inali yochirikiza denga. Anzathu akaphulitsa mwala, ife timalowa ndi mitengo ndi mabawuti aatali kuti phiri lisagwere anthu. Palibe amene anafera pamalo pomwe ndinachirikiza ine. (Izi ndikunena msanga, chifukwa kutsogoloku simumvanso chabwino chilichonse chokhudza ine.) Mgodi utatsekedwa anatiitana, anatiwerengera kalata yachizungu, anatiuza kuti zikomo. Tinatsala ndi chifuwa, fumbi la mtovu pabwalo, ndi nyumba zimene anati tsopano zikhala zathu. Tinaomba m'manja. Sitinadziwe kuti munthu akakupatsa galu wake wokalamba, sikuti wakukonda, watopa ndi kumudyetsa.

Nyumba zathu ndi zija zomatana ziwiriziwiri, chipupa chimodzi pakati. Mbali ino ndinali ine ndi mkazi wanga, amake Esnati. Mbali inayo a Tembo ndi akazi awo. A Tembo ndi mkulu wa mpingo wathu, ndipo ku mgodi ankagawa nyali, ntchito yosadetsa kolala. Chipinda chathu chogona chinagundana ndi balaza lawo. Chipupa chapakaticho chinagwedezeka ndi kuphulitsa kwa pansi zaka zonsezo, mpaka chinatupa pakati ngati mimba ya kapitawo, pamwamba n'kupendekera kwa a Tembo. Kale mng'alu ukaoneka tinkangopita ku ofesi ya nyumba, amabwera ndi pulasitala, amata, apaka laimu, basi. Chaka china amatanso. Chipupacho chinali ndi zovala zambiri kuposa thupi.

Chaka chomwe mgodi unatsekedwa mabwana anayamba kusamuka ku mayadi, akugulitsa katundu pabwalo. Amake Esnati ankagulitsa kapenta ndi tomato ku msika wa Katondo, ndipo panthawiyi ndiwo ankatidyetsa. Tsiku lina anabwera akutsogolera ngolo. Pangolopo panagona wadiropu ya mtengo wa mukwa, zitseko zitatu, galasi pakati, yaitali ngati bokosi la maliro la munthu wa ku Sudan. Kuti ilowe m'chipinda tinazula felemu ya chitseko. Titaiimika, msana wake unagunda mimba ya chipupa, pamwamba panatsala mpata wolowa nkhonya, ndipo poti simenti yapansi nayo inatsetsereka, wadiropu inaweramira bedi ngati abusa akuyang'ana wodwala amene amukayikira. Zitseko zinkatseguka zokha. Koma amake Esnati ankaipukuta m'mawa uliwonse. Moyo wawo wonse zovala anasunga m'sutikesi pansi pa bedi, ndiye musawaseke.

Tsopano imvani pomwe panali vuto lenileni. Amake Esnati ankafuna kubwerera kwawo ku Petauke.

"Atate ake Esnati, mgodi watha. Manje tidikira chani? Kwathu kuli munda wa amai, kuli madzi. Kuno ngakhale repu tikudya ya m'dothi la mtovu."

"Akubwera ena ogula mgodi," ndinatero ine. "Amva kuti mwala ukadalimo."

"Akabwera adzafuna mdala wotsokomola?"

Ine ku Petauke ndinachokako ndili mnyamata, ndi kabudula mmodzi. Pa livu ndinkapitako ndi suti, shuga ndi wailesi, ana akuthamangira basi. Ndiye ndibwerere wopanda kanthu, ndikakhale mkamwini wa imvi pamunda wa apongozi, alamu anga akundiphunzitsa kugwira khasu? Ndinkati bola kufa ndi njala ku Kasanda, kumene anthu akudziwa kuti ndinali ndani.

Amake Esnati anamaliza nkhani motere: "Mvula ikatha, lole ya alamu ibwera. Nikweza wadiropu yanga. Kumene ipita iyi ndiko nipita ine. Inu mukafuna mukwere pamwamba pake."

Mawu amenewo ndinawatenga ngati munthu wa ku mgodi. Ngati mkazi apita kumene ipita wadiropu, ndiye kuti wadiropu ikapanda kupita... Mwamva kale nzeru yake. Sitandade 4.

Mwayi unabwera wokha. M'mawa wina sutikesi imene inali pamwamba inatsetsereka n'kugwera pabedi, pomwe panali mutu wa amake Esnati mphindi pang'ono zapitazo. Anati chinthuchi chimangidwe ku chipupa chisanaphe munthu, ndipo anaitana Mulenga, kalipentala wa ku Natuseko. Anawonjezera lamulo limodzi: "Koma osaboola wadiropu yanga."

Mulenga ndi Mbemba, ife a kum'mawa Abemba ndi ambuya athu. Timatukwanana pamaliro, paukwati, paliponse, palibe mlandu. Analowa ndi pensulo kukhutu, anayang'ana mpata uja, anagogoda chipupa ndi chala.

"Ba mbuya, apa ni simpo. Tiike thabwa mu gyapu umu, tumabulaketi tuwiri pamwamba, finishi. Koma ichi chipupa osachivuta. Mwamvela? Chilila monga ng'oma. Chatopa."

"Nanga tsiku losamuka?" anafunsa amake Esnati.

"Mumasula masikuluwu awiri chabe, mayo, yachoka."

Masikuluwu awiri. Ndinaimirira.

"Iwe wodya anyani, uphunzitse ine za chipupa? Ine ndagwira phiri lonse la Kabwe ndi manja awa iwe ukuyamwa. Pita ukakhome mabenchi."

"Ba kolwe tidya, inde," anatero Mulenga akuseka, "koma nyumba sitigwetsa. Imwe odya mbewa muziwa kukumba chabe."

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Amake Esnati ndinawauza kuti ntchito yaing'ono chonchi kuitanira munthu wakunja n'kundinyoza, ndipo poti miyezi yonseyo anali asanandione ndikufuna kugwira kanthu, anavomera. Ndikuganiza kuti anakondwa. Izi zimandipweteka mpaka lero.

Ndinayamba mwaulemu. Ndinasema timatabwa tosongoka, tija timati maweji, ndi kutikhoma pansi pa miyendo yakutsogolo mpaka wadiropu inaima chilili. Ndinayeza ndi chingwe chomangirira nati kunsonga, inali yowongoka ngati msilikali. Zitseko zinaleka kutseguka zokha. Kunena zoona, ntchito inathera pamenepo. Koma maweji munthu amachotsa ndi chidendene.

Tsiku lachiwiri ndinayesa misomali ya konkiliti, kuti ndikolekepo waya. Woyamba unapindika. Wachiwiri unalowa wonse ndi kugunda kamodzi, ngati ndaubaya mu dzungu. Wachitatu unabwera ndi pulasitala wamkulu ngati lichero, ndipo kuseri kwake ndinaona njerwa zofiira zomangidwa ndi dothi lomwe linkayoyoka ndikapumira. Ndinasesa msanga, ndinakataya kuseri kwa chimbudzi.

"Zikuyenda?" anafunsa amake Esnati atabwera ku msika.

"Tikufufuza kaye mwala," ndinatero.

Pansi pa bedi ndinali ndi zinthu ziwiri zimene ndinabwera nazo tsiku lomaliza la ntchito. (Sindinabe. Ndinasunga. Akadzabwera ogula mgodi aja adzazipeza.) China chinali jombolo, chitsulo chobowolera mwala. China bawuti ya denga, yaitali kuposa mkono wanga, yonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, ndi puleti yake yachitsulo. Bawuti yoteroyo ikalowa, yalowa. Palibe munthu anatsikapo pansi kukamasula bawuti ya denga. Ndinaganiza kuti ndiboole chipupa mpaka kutulukira kwa a Tembo, puleti ikhale mbali yawo, nati ikhale mkati mwa wadiropu, ndikamaliza ndiphwanye mazinga a bawuti ndi hamala kuti nati isamasukenso. Kenako lole ibwere.

Ndinawapeza a Tembo atakhala pakhonde, akuwerenga nyuzi ya mwezi watha.

"Aneba, chitsulo pabalaza panga? Amai akachiona ndinena chiyani?"

"Mupachikapo kalendala ya mpingo. Ndani amayang'ana kuseri kwa kalendala?"

"Ine ndine mkulu wa mpingo. Zobisa sindichita."

"Chabwino," ndinatero. "Ife tipita ku Petauke. Nyumbayi ndiika alendi. Abwera kale awiri kudzafunsa, onse ophika kachasu. Wina ali ndi wailesi ya masipika anayi."

A Tembo anapinda nyuzi pang'onopang'ono. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine.

"Kalendalayo ndi yaikulu ndithu," anatero.

Pansi pa mgodi lamulo loyamba ndi ili: usanachite chilichonse, gogoda. Mwala wabwino umalira ngati belu. Woipa umalira ngati ng'oma, ndipo ukamva zimenezo umatulutsa anthu onse, ngakhale bwana akalipe. Ndinaphunzitsa lamuloli anthu ambiri, ena ndi khofi. Ndiye musaganize kuti ndinaiwala. Ndinagogoda chipupa ndi jombolo, ndinamva bwinobwino zimene anamva Mulenga. Ndinangouza khutu langa kuti lakalamba.

Kuboola kunatenga m'mawa umodzi, azimayi onse awiri ali ku msika. Ndinayambira mkati mwa wadiropu, pamwamba pa ndodo yopachikira zovala. Msana wa wadiropu ndi pulaiwudi wopyapyala, ndiye ndinapingasa chidutswa cha njanji pamitengo ya mukwa ya m'mbali kuti mphamvu igwere pamenepo. Jombolo inadutsa m'chipupa mosavuta mpaka inandichititsa manyazi. A Tembo analandira bawuti mbali yawo, anaveka puleti, anapachika kalendala. Kalendalayo inatukuka pang'ono ngati ili ndi chithupsa, koma anati akazi awo maso anayamba kuvuta.

Panatsala kumanga nati. Apa ndi pomwe muyenera kumvetsa, kuti mudziwe kuti sindinali wopusa wamba, ndinali wopusa wodziwa ntchito. Ndinaona kuti ndikamanga, mutu wa wadiropu utsamira ku chipupa, miyendo n'kutsetserekera kutsogolo. Ndiye ndinagoneka mtengo pansi, kuchokera ku miyendo yake kukafika ku chipupa chinacho, ndi kuukhoma maweji mpaka unalira. Wadiropu sikanasunthanso ngakhale pang'ono. Mpata wa nkhonya uja ndinausiya wopanda kanthu. Kuikamo thabwa inali nzeru ya Mulenga, ndipo ine sindikanalola kuti Mbemba adzanene pamaliro anga kuti anandiphunzitsa ntchito. Tsopano ganizani. Zinthu ziwiri zikukokana ndi bawuti, pakati pali mpata, chimodzi wachiletsa kusuntha. Chibwere ndi chiti? Funso limeneli ndimaliyankha bwino masiku ano.

Ndinasankha Lachinayi masana, chifukwa azimayi a mpingo amakumana tsiku limenelo, ndipo sabata imeneyo inali nthawi ya amai Tembo kulandira. Ndinati amake Esnati akhala kumeneko, ndipo nyimbo zibisa kulira kwa chitsulo. A Tembo anatuluka ndi njinga yawo kukakhala panja, ati akukonza tcheni. Munthu wanzeru.

Ndinavula shati, ndinatsala ndi vesiti. Ndinavala chisoti changa cha ku mgodi, chifukwa sipanala sindinagwirepo mutu uli pamtunda. Ndinalowa m'wadiropu, pakati pa madilesi, osawachotsa kuopa kuti mwini wake angazindikire kuti asinthidwa malo. Sipanala ndinaiwonjezera paipi yaitali. Kuseri kwa chipupa azimayi anayamba nyimbo, ine ndinayamba kumanga. Iwo akakweza, ine ndikoka. Akatsitsa, ndipuma. Nati inkayenda bwino. Mpata unkachepa, ndikuuyeza ndi chala pabowo, ndipo ndinati wadiropu ikugonja. Dothi linkayoyoka kumbuyo, waa, waa, ngati mpunga. Pansi pa mgodi dothi likayamba kutero umathawa, sumatenganso ngakhale chipewa.

Nyimbo inatha. Ndinaima, thukuta lili chuchuchu, mphuno ili m'dilesi la amake Esnati lonunkhira sopo. Inali nthawi yoti aliyense anene chomupempherera. Wina anatchula mwana wodwala, wina mwamuna amene anapita ku Lusaka kukafuna ntchito osalembanso kalata. Kenako ndinamva mawu amene ndawamva zaka makumi atatu.

"Ine munipempherere atate ake Esnati. Chitsekereni mgodi sagona bwino, chakudya angotola. Nimawauza za kumudzi, koma naona kuti aopa. Aopa kusekedwa. Sabata ino ayamba kugwira tuntchito m'nyumba, nkhope yabwerako. Manje naganiza nilembere alamu kuti lole isabwere chaka chino. Tiyembekeze mpaka mtima wawo ukhale pansi. Munthu sumukoka monga mbuzi."

Azimayi anati mmm. Wina anati Mulungu akudalitseni amai.

Ine m'wadiropu muja ndinaima ngati chitsa. Zimene ndinkafuna ndinali nditapatsidwa, popanda bawuti, popanda jombolo. Ndikanatsitsa sipanala, kutuluka, kuvala shati, madzulo n'kudya chakudya chonse m'mbale kuti aone kuti pemphero layankhidwa.

Koma ndinagwira nati ndi zala. Inali isanakhale. Munthu wa ntchito yanga sasiya bawuti ili theka. Anatikhomerera zimenezi m'mutu, kuti yomanga theka ndi yoopsa kuposa yosamanga, chifukwa anthu amaikhulupirira. Ndinati kamodzi kokha, ikhale, kenako ndisiye. Azimayi anali atagwada, amai Tembo ayamba kupemphera. Ndinakoka paipi ndi manja awiri.

Amai Tembo amati iwo anatsegula diso limodzi atamva kulira, ndipo anaona kalendala ikulowa m'chipupa yokha, mwezi wonse wa Epulo. Ine ndinangomva sipanala yapepuka m'manja. Mutu wa chipupa unabwera kwa ine. Njerwa zina zinakhala pamwamba pa wadiropu, zina zinagwera mumpata uja n'kung'amba pulaiwudi kuyambira pamwamba mpaka m'chiuno mwanga. Mimba ija, itasowa choigwira, inaphulikira kwa a Tembo. Njerwa imodzi inandimenya pachisoti. (Amene mumaseka za chisoti, sekani apa.)

Fumbi litayamba kutsika ndinaona balaza la a Tembo. Azimayi khumi ndi awiri, atagwada, mabulauzi oyera asanduka ofiira. Kabati ya magalasi ya amai Tembo itagona chafufumimba. Iwonso anaona ine: mdala wa vesiti yobooka, chisoti kumutu, sipanala m'manja, pitikoti paphewa, ataima m'wadiropu ngati chithunzi m'felemu. Mwamwayi onse anagwadira mbali ya kukhomo, ndiye njerwa zinangophwanya mipando. Gogo wina wosamva bwino anali akadatsinzina. Anati ameni yekha.

"Atate ake Esnati," anatero amai Tembo, akulavula dothi, "mwalowera kuti?"

A Tembo anafika pakhomo ndi tcheni cha njinga m'manja. Anayang'ana ine ngati sanandionepo chibadwire.

Amake Esnati sanakuwe. Anaimirira, anadutsa pa njerwa, anafika pafupi mpaka ndinaona dothi m'nsidze zawo. Anachotsa pitikoti paphewa langa, anaikutumula, anaipinda. Kenako anayang'ana bawuti, ikulendewera ndi puleti yake, njerwa ziwiri zitakakamira. Mkazi wa munthu wa ku mgodi amazidziwa zitsulo zimenezi.

"Mwaboola," anatero.

"Pang'ono chabe, pamwamba."

"Iyi bawuti imamasuka?"

Ndikanatha kunama. Azimayi khumi ndi awiri anali kumvetsera.

"Ya denga simasuka."

"Ndiye tsiku la lole mukanati bwanji?"

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza pomwe panabooka thumba. Anatembenukira kwa anzawo.

"Pemphero lija mulisiye," anatero. "Nabweza."

M'mawa mwake ndinavala jekete ndi kupita ku ofesi ya nyumba, mwachizolowezi. Ndinapeza mawindo opanda makatani ndi kalaliki mmodzi akumanga mafaelo ndi chingwe. Ndinamuuza kuti chipupa chagwa, atumize anthu.

"Chagwa chokha?"

"Chinali chotopa."

"Mdala, kampani ilibe nyumba ku Kasanda. Munasaina. Nyumba ni yanu, chipupa ni chanu, na kugwa kwake ni kwanu."

Zaka zonse zija anagwedeza nyumbayo ndi iwo, kuchokera pansi, usana ndi usiku. Koma tsiku lomwe inagwa inali yanga.

Amake Esnati anaitananso Mulenga. Anakwera pampando, anasuzumira pamwamba, anatsika. Anati njerwa zomwe zinatsala zakhalira wadiropu, ndipo mtanda wa denga wakhalira njerwazo. Kuichotsa wadiropu, denga la nyumba zonse ziwiri likhala pansi. Pokhapokha munthu agule njerwa ndi simenti amange chipupa chatsopano, ndipo mu Kasanda chaka chimenecho simenti ankagula ndani? Ndinadikira kuti anditukwane. Ndinali nditakonzeka, ndinali ndi yankho la anyani. Mulenga anangondigwira paphewa, anati, "Pepani ba tata." Mbuya wako akayamba kukulemekeza, dziwa kuti watha.

Kalata yoletsa lole sinalembedwe. Masabata atatu amenewo amake Esnati ankaphika, ankachapa, ankandiyankha ndikafunsa, koma wadiropu sanaipukutenso. Esnati, mwana wathu wokwatiwa ku Natuseko, anabwera kudzayesa kutiyanjanitsa. Anaona bowo, anaona ine, anangoti, "Koma dadi, siriyasi?" n'kupita kukathandiza amake kulongedza.

Lole inabwera Loweruka m'mawa. Madilesi analowa m'chikwama cha ukwa, chija cha mizeremizere, ena m'sutikesi yakale ija. Alamu anafunsa ngati katundu ndi yemweyu, poti anamva za wadiropu ndipo anasiya malo. Amake Esnati anati ndi yemweyu. Ndinanyamula chikwama mpaka pa lole.

"Amake Esnati, ndikwere?"

"Mukwere musiye a Tembo na denga pamutu? Munafuna ikhale. Yakhala. Khalani nayo."

"Ndinalakwa."

"Kuboola sikunanipweteke. Mukananiuza chabe kuti muopa. Zaka zonsezi, munaona kuti bola kuuza chitsulo."

Anakwera kutsogolo. Lole italira anatulutsa mutu pawindo.

"Tsiku mudzabwera nayo yosathyoka, mudzapeza malo."

Papita mvula zitatu. Ogula mgodi sanabwere, anabwera ogula zitsulo zakale. A Tembo anaitanidwa ndi akulu anzawo, anafotokoza kuti iwo anangopachika kalendala. Amai Tembo anakhoma nsalu pamsana pa wadiropu mbali yawo, koma mng'alu wa pulaiwudi ulipo, ndipo zonse za m'nyumba mwawo ndimazimva, iwonso amamva kutsokomola kwanga. Mwezi woyamba sanandilankhule. Mwezi wachiwiri ndinatsegula chitseko chapakati kufuna jekete, ndinapeza pashelefu pali mbale yovundikira. Chiyambire pamenepo ndimadya kuchokera m'wadiropu. Ndikatha ndimatsuka mbale, ndimaibweza pashelefu, dzanja limaitenga. Pambuyo pake ndinamva kuti nyemba ndi nshawa zake zimachokera ku Petauke.

Makalata nawo amabwera, koma kwa amai Tembo, osati kwa ine. Amai Tembo amakhala pafupi ndi nsalu ija n'kuwerengera amuna awo mokweza, ngati a Tembo ndi ogontha. Ya mwezi watha inati chimanga chachita bwino, nyumba afolera malata, ndipo m'chipinda muli ngodya imodzi imene sanaikemo kanthu. Inatinso, "Aneba anu ngati akali kutsokomola, muwauze asiye kusesa pabwalo m'mawa, fumbi ilo ndi loipa." Ine ndinali nditakhala m'wadiropu, chitseko chotseka. Ndinayesetsa kuti ndisatsokomole.

Abusa anandiuza kuti phunziro lake ndi lakuti mwamuna azilankhula ndi mkazi wake. Mulenga akuti phunziro ndi thabwa mumpata. Onse akunena zoona, koma palibe mwa iwo amene anatsikapo pansi. Ine ndayang'ana dengalo bwinobwino. Mtanda uja ukungofuna mitengo iwiri yochirikiza, wina mbali yanga, wina pabalaza pa a Tembo, ndipo wadiropu ituluka ngati dzino logwedera. Simenti siifunika. Dzulo ndinabwera nayo mitengo ya bulugamu iwiri paphewa, ndinaitsitsa pabwalo, ndinayamba kusema. A Tembo anasuzumira pawindo. Patapita kanthawi ndinaona iwo ndi akazi awo akutulutsa mipando, mbale ndi wailesi, n'kuziika pansi pa mtengo wa mango, kutali ndithu ndi nyumba.